Mwana wodziwa kujambula: kodi makatuni angamudyetse?

Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi mwana mmodzi amene makope ake amathera kumbuyo. Kutsogolo kuli masamu osamaliza, kumbuyo kwadzaza atambala, maminibasi, osewera mpira ndi nkhope ya aphunzitsi aakulu imene aliyense amaizindikira akangoiona. Mwana wotere ndiye amatumidwa kujambula mapu pa bolodi, ndiyenso amapatsidwa ganyu yolemba dzina la golosale pakhoma, koma akafika kunyumba amamva mawu omwe aja: zojambula sizidyetsa munthu. Makolo onena mawuwa sikuti ndi ankhanza. Anawerengera bwinobwino, ndipo m'mudzi mwawo sanaonepo munthu amene anamanga nyumba ya malata ndi pensulo.

Masiku ano ana ambiri otere akufunsa za ntchito yopanga makatuni, zithunzi zojambula zimene zimayenda ndi kulankhula pa kanema. Funsoli likufika kwa aphunzitsi, kwa alangizi ndi kwa atsogoleri a magulu a achinyamata, ndipo ambiri amasowa poyambira. Ntchitoyi ilipo ndithu, ndipo anthu a mu Africa ayamba kudya nawo. Koma si yamsangamsanga, si ya munthu mmodzi, ndipo khomo loyandikira mwana wa ku Dowa, ku Chipata kapena ku Angónia si la ku Hollywood. Lili pafupi kwambiri, mwina m'chikwama cha mlangizi yemwe akufunsidwayo.

Mphindi imodzi, zithunzi 720

Diso la munthu silichedwa kunyengeka. Zithunzi zosiyana pang'ono zikamadutsa mofulumira, ubongo umaziona ngati chinthu chimodzi choyenda. Mwana amene anajambulapo kamunthu pangodya ya tsamba lililonse la kope, n'kumatembenuza masambawo ndi chala chachikulu, anapanga kale katuni wake woyamba. Kanema wamba amadutsitsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Ojambula pamanja kawirikawiri amapanga 12, chilichonse n'kuchionetsa kawiri. Ndiye kuti mphindi imodzi imadya zithunzi 720. Munthu wakhama womaliza zithunzi 20 patsiku angathe masiku 36 pa mphindi imodziyo, ndipo oonera adzaimaliza madzi a tiyi asanawire. Mlimi sangadabwe nazo. Iye amadziwa kuti nsima yodyedwa kanthawi kochepa inayamba ndi kusosa, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo.

Kompyuta inafupikitsa njira, koma sinalande khasu m'manja mwa munthu. Makatuni ambiri a masiku ano amayamba ndi chidole choumbidwa mkati mwa kompyuta, chimene amachiika mafupa ndi mfundo kuti chizipinda mkono ndi kutembenuza khosi. Wochiyendetsa amachiimika m'kaimidwe kofunika, kompyuta n'kudzaza zapakati. Chimene kompyuta sidziwa n'chakuti mayi wosenza ndowa yodzaza sayenda ngati wosenza ndowa yopanda kanthu: khosi limauma, m'chiuno ndimo mumagwedezeka, phazi limafufuza pansi lisanaponde. Sidziwa kuti mbuzi imatukula mutu isanathawe, kapena kuti mkamwini wokhala pamaso pa apongozi ake sadziwa poika manja. Luso lenileni lagona pamenepo, pa kuona. Mwana wa kumudzi amene wakula akuyang'ana ziweto ndi anthu, osati khoma la mpanda, sayamba ntchitoyi chimanjamanja.

China chimene mwanayo ayenera kumva msanga n'chakuti mutu umodzi susenza denga. Maina amene amayenda kumapeto kwa filimu yaikulu ya makatuni amafika mazanamazana, ndipo ambiri mwa eni ake sajambula n'komwe. Pali olemba nthano. Pali amene amaidula nthanoyo m'timabokosi tojambula mwachangu, kusonyeza chimene woonera adzaone choyamba ndi chotsatira. Gawo ili lili ngati kuyeza maziko a nyumba, pakuti cholakwika chikapezeka apa chimafufutidwa ndi labala, pamene chikapezeka kumapeto chimagwetsa khoma. Ena amakonza nkhope ndi zovala, ena midzi ndi mapiri akumbuyo, ena kuwala ndi mithunzi, ena mawu ndi nyimbo. Ndiye pali munthu amene ana samulota, wosunga kalendala ndi thumba, wodziwa kuti chithunzi chakuti chili m'manja mwa yani ndipo chituluka liti. Popanda iyeyu ndalama zimatha filimu isanafike pakati. Mtsikana amene amasunga bwino buku la banki mkhonde ali kale ndi theka la luso limeneli.

Ya ku Lusaka inatenga zaka 8

Malenga Mulendema wa ku Zambia analowera pa khomo la nthano. Mu 2015 kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, mothandizana ndi Disney, inaitana anthu a mu Africa monse kuti atumize maganizo a nthano zoti n'kupangira makatuni. Zinafika nthano zoposa 1,300 kuchokera m'maiko 30, ndipo 8 zokha ndizo zinasankhidwa. Imodzi inali yake, ya atsikana anayi a sukulu a mu Lusaka wa m'tsogolo, amene mayi wachikulire, kazitape wopuma pantchito, amawasonkhanitsa kuti alimbane ndi adani a mzindawo ngakhale thumba lawo lili losayaya. Mulendema wakhala akufotokoza kuti anakula akuonera makatuni opanda ngwazi yofanana naye, ndipo ndicho chinamutuma kulemba.

Kampani ya Netflix inalengeza mu 2019 kuti yatenga nthanoyi, ndipo inayamba kuonetsedwa mu Julaye 2023 pa dzina loti Supa Team 4. Zigawo zake zinalembedwa ndi gulu la amayi ochokera m'maiko angapo a mu Africa, maonekedwe a atsikanawo anakonza ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon, ndipo nyimbo yotsegulira anaimba ndi Sampa the Great, mwana wa ku Zambia komweko. Ambiri akamva nkhaniyi amagwira dzina la Netflix. Chofunika kugwira ndi zaka: kuchokera 2015 kufika 2023. Mwana amene anali mu Sitandade 1 tsiku limene nthanoyi inasankhidwa anali atalemba mayeso a Sitandade 8 pamene inkaoneka pa kanema. Ndiponso pa mmodzi wosankhidwa panali oposa 160 amene anabwerera.

Sikuti Africa anayamba dzulo. Moustapha Alassane wa ku Niger, amene poyamba anali makaniko, anatulutsa Bon Voyage Sim mu 1966, kafilimu ka mphindi zochepa konyogodola maulendo adzitho a atsogoleri, anthu ake onse ali achule. Ku Harare, gulu laling'ono linatulutsa The Legend of the Sky Kingdom mu 2003, filimu yaitali imene zidole zake zinapangidwa ndi mawaya, zitini ndi zitsulo zotola kudzala. Ankasuntha chidole pang'ono, kujambula, kusunthanso, kujambula, mpaka zaka. Aliyense amene anaonapo ana akuyendetsa magalimoto a mawaya m'misewu ya fumbi angazindikire kumene nzeruyo inachokera. Triggerfish nayo, imene inayamba mu 1996, inakulira pa zidole zosunthidwa pamanja, kuphatikizapo za pulogalamu ya ana ya Takalani Sesame, isanafike potulutsa Adventures in Zambezia mu 2012 ndi Khumba mu 2013.

Zipangizo ndizo zatsika mtengo kwambiri. Pulogalamu ya kompyuta ya Blender yakhala yaulere kuyambira 2002, ndipo ndi imene inapangira Flow, filimu ya ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, imene inapata mphoto ya Oscar mu 2025 kuposa mafilimu a makampani aakulu a ku America. Mulibe liwu la munthu ngakhale limodzi m'filimuyo: mphaka, galu ndi zinyama zina m'bwato, madzi atasefukira. Mkulu wake, Gints Zilbalodis, anapanga yekha filimu yake yaitali yoyamba, imene inatuluka mu 2019. Komabe pasakhale chinyengo. Pulogalamu inali yaulere, koma Flow inadya ndalama za euro zoposa 3 miliyoni, chifukwa anthu ogwira ntchito kwa zaka amadya tsiku lililonse.

Chikomekome cha mkuyu

Lipoti la UNESCO la 2021 linati ntchito za mafilimu ndi kanema mu Africa zimapatsa chochita anthu pafupifupi 5 miliyoni, ndipo zingathe kufika 20 miliyoni. Manambala otere amakoma m'misonkhano ya m'mahotela, koma sauza mwana khomo loti agogode. Makatuni ndi kachigawo chabe ka zonsezo, ndipo masitudiyo aakulu aunjikana m'mizinda yowerengeka: Cape Town, Johannesburg, Nairobi, Lagos, Cairo. Mu 2023 Disney inaonetsa Kizazi Moto, timafilimu 10 ta opanga a mu Africa. Anachokera ku South Africa, Zimbabwe, Kenya, Uganda, Nigeria ndi Egypt. Ku Zimbabwe kunachokera Mukudzei, ya Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove. Malawi, Zambia ndi Mozambique sanapezeke pa mndandandawo. Ngakhale Supa Team 4 yomwe, nthano ndi ya ku Lusaka, koma ntchito yaikulu yoyendetsa zithunzi inaperekedwa ku situdiyo ya ku France. Dzina linabwera kuno, malipiro ambiri a mwezi ndi mwezi anatsala kunja.

Ngakhale kumene masitudiyo alipo, ntchito zambiri ndi za mgwirizano wa nyengo. Filimu ikatha, mgwirizano watha, munthu n'kuyambanso kusaka. Amene anazolowera ganyu ya m'maesiteti a fodya ndi tiyi amaudziwa moyo umenewu. Sizichitika kwa ang'onoang'ono okha: kampani yotchuka ya Pixar ku America inachotsa antchito pafupifupi 175 mu 2024.

Kuyambira cha mu 2022 kwabweranso mapulogalamu amene amatulutsa chithunzi, ngakhale kakanema kafupi, munthu akangolemba zimene akufuna. Ena amene ankalemba ganyu ojambula pa ntchito zazing'ono, monga zikwangwani ndi zotsatsa malonda, ayamba kudalira zimenezi. Kumubisira mwana n'kumunamiza. Koma makinawa anaphunzira pa zithunzi za pa intaneti, zimene zambiri si za kuno. Akauzidwa kujambula mudzi amatulutsa mudzi wopanda kwawo, nkhokwe yosasunga chimanga, mayi wobereka mwana m'njira yoti mwanayo angagwe asanafike pachitsime. Wongodziwa kudina batani ali pa mpikisano ndi makina. Wodziwa kuona, kulemba nthano ndi kuzindikira chimene chalakwika adakali ndi malo ake.

Wogula woyamba ali pafupi

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito za chitukuko. Msika wodalirika wa makatuni m'chigawo chino, kuyambira kale, wakhala wophunzitsa osati wongosangalatsa. Mu 1996 bungwe la UNICEF linayambitsa Sara, mtsikana wojambula amene nthano zake zinkafalitsidwa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kudzera m'makatuni, m'timabuku ta zithunzi ndi pa wailesi, zokamba za kusiyitsidwa sukulu kwa atsikana, kugwiriridwa ndi Edzi. Ku Dar es Salaam, bungwe la Ubongo, limene linayamba mu 2013, lakhala likupanga Ubongo Kids ndi Akili and Me, zophunzitsa ana masamu ndi kuwerenga, ndipo lapereka ntchito kwa ojambula, olemba, oimba ndi aphunzitsi a komweko.

Kwa alimi, chitsanzo chogwirika ndi cha SAWBO, gulu limene linayamba mu 2011 pa yunivesite ya Illinois ku America. Nzeru yake ndi yosavuta: katuni mmodzi wa mphindi zochepa, wotsimikizidwa ndi akatswiri, mawu okha n'kumasinthidwa malinga ndi chilankhulo cha oonera. Zilankhulozo zapitirira 100. Kanema wina wodziwika amaphunzitsa kusunga nyemba m'chigubu: kuziyanika ziume gwa, kudzaza chigubucho mpaka kukamwa, kutseka kuti mpweya usalowe, ndipo anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Anamuyesa pakati pa alimi a nyemba a ku Gurúè ku Mozambique pomuonetsa pa foni za m'manja, ndipo ofufuza atabwererako patapita zaka ziwiri anapeza kuti ambiri ankakumbukira njirayo ndi kuigwiritsa ntchito.

Chifukwa chimene chojambula chimaposera kamera pa ntchito zotere n'choyenera kuchimvetsa, pakuti ndicho malonda a mwanayo. Kamera singalowe m'chigubu chotseka kukaonetsa kachilombo kakubanika. Singalowe m'kati mwa phesi la chimanga kukaonetsa mbozi ikudya, kapena pansi pa nthaka kukaonetsa madzi a m'chimbudzi akuyenda kupita kuchitsime. Pensulo imalowa. Munthu wojambula alibenso mtundu, mpingo kapena chipani. Palibe amene anganene kuti uyu ndi wa m'mudzi wakuti, zake tikuzidziwa. Pa nkhani zochititsa manyazi, za matenda kapena nkhanza za m'banja, palibe nkhope ya munthu weniweni imene mawa idzalozedwa chala pamsika. Ndipo kanema mmodzi angalankhule Chichewa lero, Chiyao mawa, Chisena mkuja, pa mtengo wojambulira mawu okha, n'kumayenda foni ndi foni pa WhatsApp kapena pa Bluetooth popanda galimoto ya bungwe kuwotcha mafuta.

Chodandaulitsa n'chakuti mabungwe ambiri akafuna kanema wotere amayang'ana kunja, ndipo akakumbukira mnyamata kapena mtsikana wa pa boma pomwepo amamukumbukira ngati wodzipereka. Amamulonjeza kuti dzina lake lidziwika. Dzina silipita kuchigayo. Bungwe limene limapeza ndalama za alawansi, za mafuta ndi za malaya olembedwa uthenga, koma n'kusowa za munthu amene wakhala mwezi wathunthu pa mphindi imodzi ya kanema, silikusowa ndalama ayi. Silinaione ntchitoyo ngati ntchito. Pokonza bajeti ya chaka, mzere wa zophunzitsira ungathe kukhala sukulu yoyamba ndi malipiro oyamba a wachinyamata wa m'deralo, ndipo kanema wake adzakhala ndi nkhokwe yooneka ngati nkhokwe.

Nayenso wachinyamatayo ayenera kudziwa kudziteteza. Mtengo uwerengedwe pa masiku ogwira ntchito, osati pa kutalika kwa kanema, pakuti wogula amaona mphindi ziwiri pamene wopanga amaona miyezi iwiri. Mgwirizano ulembedwe papepala, gawo la ndalama liperekedwe ntchito isanayambe, ndipo pakhale chiwerengero cha maulendo amene wogula angabweze ntchito kuti ikonzedwe. Popanda mzere umenewu ntchito siitha: mkulu wa pulojekiti afuna chipewa cha mlimi chisinthidwe, wopereka ndalama afuna chizindikiro chake chikule, ndipo wina wobwera mochedwa afuna mbuzi ikhale nkhosa.

Funso lalikulu kuposa onse ndi la mwini. Kodi munthu wojambulayo, nkhope yake ndi dzina lake, ndi wa wojambula kapena wa wogula? Kanema mmodzi amagulitsidwa kamodzi, koma munthu wojambula amene anthu amukonda amabala zaka zambiri, monga Pewani wa Brian Hara anakhalira m'nyuzipepala za ku Malawi. Nkhani ya Solomon Linda ndi yoimba, koma inathera m'makatuni. Iye anajambulitsa nyimbo ya Mbube ku Johannesburg mu 1939 n'kupereka umwini wake ku kampani ya malekodi pa ndalama yochepa. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasintha dzina, ndipo inadzamveka m'filimu ya The Lion King ya 1994. Linda anamwalira ali wosauka mu 1962. Banja lake linapita kukhoti mu 2004, ndipo mgwirizano wowalipira unapezeka mu 2006, patapita zaka 44 mwini wake ali m'manda. Ku Malawi kuli lamulo la umwini wa zaluso la 2016 ndi bungwe la COSOMA, limene lakhalapo kuyambira 1992, ndipo maiko oyandikana nawo ali ndi malamulo awo. Koma lamulo limavutika kubweza chimene munthu anasainira yekha asanawerenge.

Mbuzi isanagulitsidwe

Kholo limene mwana walipempha kompyuta lili ndi njira yoyesera popanda kutsegula khola. Foni ya kamera, njerwa ziwiri zoiimikira kuti isagwedezeke, ndi ng'ombe ya dongo ngati zimene ana amaumba kudambo, zakwana. Mwana asunthe ng'ombeyo pang'ono, ajambule, asunthenso, pamalo pamene kuwala sikusinthasintha. Masekondi 10 afuna zithunzi 120, ndipo mapulogalamu aulere ozilumikiza pa foni alipo. Ana ambiri amalekera pa chithunzi cha 40, ndipo palibe cholakwika: adziwa msanga kuti ankakonda kuonera, osati kupanga. Amene wamaliza, n'kuona kuti mwendo wakumbuyo sukuyenda bwino, n'kuyambiranso popanda womutuma, ameneyo ndiye woyenera kumuganizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi nkhono yeniyeni.

Ngakhale pamenepo, kompyuta yodula si yoyambira. Mapulogalamu aulere ojambulira pamanja, monga Krita ndi Pencil2D, amayenda pa laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Blender ndiye amafuna yamphamvu pang'ono, ndipo ingadikire. Vuto lalikulu kumidzi ndi magetsi ndi mtengo wa bandulo, choncho achinyamata atatu kapena anayi ogawana kompyuta imodzi, sola imodzi ndi maphunziro okopedwa kamodzi amapita patali kuposa aliyense payekha. Triggerfish inatsegula maphunziro aulere a pa intaneti mu 2019, ndipo pa YouTube pali ochuluka osatha kuwaonera. Choopsa chake ndi chomwecho: munthu angathe chaka akuonera ena akuphunzitsa, iye osamaliza kanthu.

Olemba ntchito m'masitudiyo amayamba n'kuona kakanema ka mphindi imodzi kapena ziwiri kosonyeza zabwino koposa zimene munthu wapanga. Satifiketi imabwera pambuyo. M'kakanemako safuna zinjoka zolavula moto. Amafuna mpira wodumpha umene ukuoneka kulemera kwake, munthu woyenda amene mapazi ake sakutsetsereka, nkhope imene ikusintha kuchoka pa kukayika kufika pa kuvomera. Zinthu zitatu zomalizidwa bwino zimaposa filimu yaikulu imene yakhala pa theka kwa zaka zitatu, ndipo ndi zomwezo zimene mkulu wa bungwe la pa boma angaonetsedwe pa foni.

Izi sizikutanthauza kuti sukulu itayidwe. Maphunziro ambiri a ntchitoyi ali m'Chingerezi, mgwirizano umalembedwa m'Chingerezi kapena Chipwitikizi, kuyendetsa chidole pa kompyuta kumafuna masamu, ndipo wofuna kukagwira ntchito kunja adzafunsidwa mapepala pachipata. Yunivesite ya Malawi ku Zomba imaphunzitsa zojambula ndi zisudzo, Evelyn Hone College ku Lusaka imaphunzitsa zaluso, ndipo ku Cape Town kuli The Animation School, ngakhale fizi yake ndi yoposa thumba la mabanja ambiri a alimi. Mwana wosiya Folomu 2 ponena kuti wapeza luso wadzitsekera makomo ambiri kuposa amene watsegula. Ndipo makolo ayang'anenso makope a ana aakazi. Kawirikawiri mnyamata ndiye amapatsidwa foni ndi nthawi, pamene mlongo wake, amene mwina ndiye amakometsa nthano madzulo, ali kuchitsime.

Khomo lina limene ambiri amalidutsa ndi la mawu. Chichewa chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri m'maiko anayi, koma makatuni amene ana awo amaonera ndi a zilankhulo za eni. M'nyumba zoonetsera mafilimu m'misika ya ku Malawi, mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa amadzaza mabenchi, umboni woti anthu amalipira kuti amve chilankhulo chawo. Mawailesi a m'madera ali kale ndi achinyamata odziwa kusewera ndi mawu m'zisudzo za pa wailesi. Kachipinda kotchingidwa ndi mabulangete ndi matiresi kuti mawu asamveke phokoso, wolemba mmodzi, wojambula mmodzi, wa mawu mmodzi, ndi mlangizi woonetsetsa kuti uthenga wa ulimi kapena wa zaumoyo ndi woona: situdiyo yoyamba imakhala yotero.

Kanema wa gulu lotere asathamangire kwa wopereka ndalama. Ayambe waonetsedwa kwa alimi khumi pansi pa mtengo, popanda wofotokozera, monga okonza nthano za Sara ankaziyesera m'midzi zisanafalitsidwe. Akatha, afunsidwe chimene aona, osati ngati wawasangalatsa, pakuti mwaulemu onse adzati wakoma. Ngati atatu mwa iwo anena kuti chigubu chija chinali chosadzaza, kapena kuti mayi uja anathira nyemba zosauma, ndiye kuti masekondi amenewo ajambulidwenso, zithunzi 12 pa sekondi iliyonse, kanemayo asanalowe m'foni ya munthu wina.